Nyale Zachikasu za Tauni Yakale

Tsiku limene ndinanyamuka mvula inali itagwa usiku wonse, ndipo m'mawa inangotsala yowaza, ija imagogoda malata pang'onopang'ono. Achule anali asanaleke kulira m'dambo la mpunga kuseri kwa nyumba yanga. Kunyanja kunkamveka injini imodzi yokha ya boti, ikutsokomola n'kuzima, ikutsokomola n'kuzima. Nditachoka ku mzikiti ku swala ya m'bandakucha ndinakhoma nyumba n'kuyenda kupita pa siteji, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Linali Lachitatu.

Ulendo unali wa ku Lilongwe, kukatenga nyale. Kwathu ku Nkhotakota kuli chigawo chimene timachitcha tauni yakale, kumene kuli mzikiti wa makolo athu, tchalitchi cha njerwa, mikuyu ikuluikulu ndi kamsewu kotsikira ku doko. Masana alendo amaima kujambula, koma dzuwa likalowa zonsezi zimamira mumdima, ndipo wodutsa pa msewu waukulu sadziwa kuti wadutsa pamalo a mbiri. Mwana wina wakwathu amene amagwira ntchito kunja anagula nyale zoti ziziunikira makoma ndi mitengo ija kuchokera pansi, kuti munthu akangoona kuwalako azidziwa kuti wafika ku Nkhotakota. Panakhala komiti ya Asilamu ndi Akhristu pamodzi. Wapampando anali mlamu wanga a Mbwana, mlongo wake wa malemu mkazi wanga, munthu wa maboti a usipa. Ine anandituma chifukwa ntchito ya magetsi ndi imene ndakalamba nayo. Mawaya ndi zitsulo zomangira nyale zinali zitafika kale, ndipo komiti inazisungitsa m'nyumba mwanga. Mwambo woyatsa unali Loweruka, alendo ataitanidwa kale.

Za ulendo wopita palibe chambiri chonena. Tinadutsa Benga kukuwazabe, ku Salima kunali dzuwa, ndipo mu Lilongwe ndinafika cha m'ma wani koloko. Amene anajambula dongosolo la nyalezo anali injiniya wina, mayi Kachingwe, ndipo makatoni anayi anali mu ofesi mwawo. Anatulutsa nyale imodzi n'kuiyatsa kuti ndione. Chipinda chonse chinayera mbee, kuwala kwake kobaya m'maso ngati kwa owotcherera zitsulo.

"Mwaiona, bambo Twaibu? Khoma la mzikiti lizioneka ngakhale munthu ali pakati pa nyanja."

Ndinaiyang'ana nyale ija. Kenako ndinafunsa, "Mayi, munayamba mwaonapo nkhungu?"

"Nkhungu ya m'mawa? Kwathu ku Dedza ndiye kuchimake."

"Ayi, ya kunyanja."

Ndinawafotokozera kuti nkhungu yathu ndi tizilombo touluka, timene timatuluka m'nyanja ngati utsi wa moto wolusa, makamaka nyengo ino ya dzinja. Tikafika kumtunda timathamangira nyale yoyera. Ndinaonapo babu la pa khonde la sitolo litakutidwa mpaka osaonekanso, pansi pake pataunjikana mulu wonunkha. Nyale makumi awiri zoyera chonchi, zoloza khoma la mzikiti, zikanaitana nkhungu ya nyanja yonse kudzafera pakhomo pamene anthu amavulira nsapato. Yachikasu siikoka kwambiri, ndipo pa njerwa zakale imakhala bwino, imaonetsa mizere ya khoma m'malo moiphimba.

Mayiwo sanali munthu wamakani. Anagwira pakamwa, kenako anaimba foni ku sitolo kumene nyalezo zinagulidwa. Eni sitolo anavomera kusinthitsa, koma anati zachikasu zili kosungira katundu kwina, zifika m'mawa mwake. Tinakweza makatoni pa galimoto ya mayiwo n'kukawabweza.

Ndikutsitsa katoni yomaliza pakhomo pa sitolo ija, ndinamva dzanja paphewa. Anali a Kasimu, wogulitsa mpunga wakwathu.

"Salaam aleikum, a Twaibu! Ameneyu si katundu wa komiti uja?"

"Aleikum salaam. Ndi yemweyo."

"Nanga akulowanso m'sitolo bwanji?"

"Pali chifukwa chake," ndinatero, n'kulowa ndi katoni yanga.

Apa ndi pamene ndinalakwa ine. Chibadwire changa sindikonda kufotokoza ntchito isanathe. Mkazi wanga ankadandaula nazo zaka makumi atatu. Madzulo ake ndinaimbira a Mbwana, ndipo zonse zimene ndinanena ndi zakuti pachitika kanthu kakang'ono, ndifika mawa. Ndinkati nkhani ya nkhungu ndi yokamba nyale zili pamaso. Ndinagona kwa msuweni wanga ku Mchesi mtima uli m'malo.

Lachinayi nyale zachikasu zimene anati zifika eyiti koloko zinafika dzuwa lili pamutu. Ndinaziyesa zonse makumi awiri, imodzi imodzi, mwini sitolo akuyang'ana wotchi. Mayi Kachingwe anandilembera kalata yofotokoza za kusinthako, ndinaipinda n'kuiika m'thumba la malaya.

Pa depoti kondakitala anafuna kuponya makatoni kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza. Ndinakana.

"Madala, ndi mazira kodi?"

"Ndi magalasi."

"Ndiye alipira ngati anthu. Mipando iwiri."

Ndinalipira. Makatoni awiri anakhala pampando, awiri pansi pakati pa miyendo yanga. Pambali panga panakhala mayi wina wa thupi, wa ku Benga, amene ankachokera kogulitsa usipa. Anandiuza yekha kuti ndi amake Chisomo, ndisanafunse n'komwe, ndipo anandiuzanso mtengo wa usipa ku Lilongwe, matenda a apongozi awo ndi maganizo awo pa za makondakitala. Tinadikira ola ndi theka kuti minibasi idzaze. Injini inkalira nthawi yonseyo kuti tiziganiza kuti tikunyamuka.

Foni inalira tili pomwepo. Anali a Mbwana, ndipo sanayambe ndi moni.

"A mlamu, nyale zili kuti?"

"Zili pano pamiyendo panga."

"Zomwe zija anagula mwana uja?"

Sindinazolowere kunama. "Si zomwezo ayi. Ndi zina, koma..."

"Ndi zina. Ndiye a Kasimu sananame."

"A Kasimu anena chiyani?"

"Anthu akuti mwagulitsa, a mlamu. Akuti munakazitula kwa amalonda, mwatenga zotchipa. Ine ndimakana usiku wonse. Tsopano mwanena nokha."

Nthawi yomweyo dalaivala anaimba hutala, oitanira anthu anayamba kumenya minibasi m'mbali, ndipo ndinkakuwa za nkhungu osadzimva ndekha. Nditachotsa foni kukhutu ndinapeza yazima. Kwa msuweni wanga magetsi anali atathima, batire silinadzaze.

Amake Chisomo anali atamva zonse. Anandiyang'ana kuyambira kofia mpaka nsapato.

"Inuyo bambo, kuba? Nkhope imeneyi singabe ngakhale chigwada."

Sindinaseke. Zaka zonse zimene ndagwira ntchito m'nyumba za anthu, eni ake atapita kumunda, sipanasowepo ngakhale supuni. Tsopano dzina langa linkayenda m'misika ya kwathu ine ndili pa mtunda wa maola asanu.

Tinadutsa Chezi, tinatsika mapiri a ku Mvera dalaivala akuponda mabuleki onunkha. Tisanalowe mu Salima apolisi anatiimitsa. Wapolisi wina anasuzumira pawindo, maso ake n'kugwera pa makatoni.

"Katunduyu ndi wa ndani?"

Ananditsitsa. Ndinamupatsa chikalata cha komiti, iye anawerenga, n'kung'amba tepi ya katoni imodzi. Chikalata chinkanena nyale za mtundu wina, m'katoni munali za mtundu wina. Anaitana mnzake. Ndinatulutsa kalata ya mayi Kachingwe. Anaiwerenga kawiri, anaimba nambala imene inali pamwamba pake, koma sinkayankhidwa. M'minibasi anthu anayamba kung'ung'udza.

"Musiyeni ameneyo, tizipita! Ena tili ndi ana."

"Khalani chete inu," anatero amake Chisomo. "Mawa mudzakhala inu ndi nkhuku zanuzo."

Kachitatu foni inayankhidwa. Wapolisi anamvetsera, anagwedeza mutu, n'kundibwezera mapepala. Ndikumanganso katoni anandifunsa, "Zoona nkhungu siipita pa yachikasu?" Ndinati imapita koma pang'ono. Anati akagula babu lotero la pakhonde pake.

Pa Kaphatenga kondakitala anatigulitsa kwa minibasi ina, akuti yake yabwerera pomwepo. Imene tinalowa inali yokalamba, chitseko chomanga ndi chingwe. Titangopitirira pang'ono kumwamba kunada, mvula inayamba, ndipo denga linayamba kudontha ndendende pamwamba pa makatoni. Ndinavula jekete n'kufunditsa. Amake Chisomo anasolola pepala lalikulu la pulasitiki m'dengu mwawo.

"Linunkha usipa, koma silidontha. Nyale zanuzo zizolowere fungo la kwawo."

Pa Khombedza tayala linaphulika. Lapadera linalipo koma jeke analibe, ndiye tinadikira mpaka lole ina itaima n'kutibwereka. Ndinaswali pa khonde la golosale, ndikumva madzi akuthamanga m'ngalande, ndipo ndivomere kuti mtima wanga sunali pa swala. Unali kwathu.

Cha m'ma faifi koloko, tisanafike pa Benga, tinapeza mzere wa magalimoto. Pamenepo ankakonza mlatho, magalimoto ankadutsa njira yapambali yotsikira mumtsinje, ndipo mtsinjewo unali utadzaza. Madzi ofiira ankathamanga atanyamula mapesi ndi nthambi. Lole imodzi inali itaima pakati, madzi akulowa m'chitseko. Tsidya linalo kunalinso mzere wotere, anthu akutiyang'ana ife tikuwayang'ana.

Amake Chisomo anandipatsa foni yawo. Nambala imene ndimaidziwa pamtima ndi imodzi yokha, ya mwana wanga Zainabu, amene anakwatiwa pafupi ndi pa boma.

"Ababa, muli kuti? Kuno kwaipa. Komiti inakumana masana. Akuti mawa m'mawa akatenga mawaya ndi zitsulo kunyumba kwanu musanagulitsenso."

"Makiyi ndili nawo ine."

"Akuti athyola."

"Pita kwa amalume ako, uwapatse foni."

Ndinadikira mphindi khumi, ndikuyang'ana madzi. Atandiimbiranso, mawu ake anali a munthu amene walira.

"Akana. Akuti zokamba pa foni zatha, mudzakambe pamaso pa anthu."

"Uwauze kuti zonse zili pabalaza, kuseri kwa mpando waukulu. Asapite kwina. Wamva, Zainabu? Pabalaza pokha."

Anamva chimene ndinkatanthauza. M'nyumba mwanga muli chipinda chimodzi chokhoma, chimene amayi ake anadwaliramo mpaka kumwalira. Papita zaka zitatu. Zovala zawo zili m'bokosi mmene anazipindira okha, mkeka wawo woswalira uli pamene anausiya. Ndimalowamo ndekha Lachisanu lililonse kukasesa ndi kuwapempherera dua. Ngakhale Zainabu amayamba wapempha.

Madzi sanaphwe tsiku limenelo. Tinagona m'minibasi momwemo, ine nditakumbatira makatoni.

Kutacha mtsinje unali utatsika, koma osati moti galimoto n'kudutsa. Amuna a m'mudzi wapafupi anayamba ganyu yowolotsa anthu ndi katundu. Madzi ankawafika m'chiuno, pakatikati pa chifuwa. Ndinaima m'mphepete nthawi yaitali. Nyale zija zinapangidwa kuti zizipirira mvula, koma kumira mumtsinje ndi nkhani ina, ndipo katoni imodzi ikanapita ndi madzi, ndani kwathu akanakhulupirira kuti yapitadi ndi madzi? Koma dzuwa linkakwera, ndipo ndinkadziwa kumene a Mbwana akulowera.

Ndinapeza amuna atatu. Katoni yachinayi ndinasenza ndekha.

"Madala, tipatseni, mugwa nayo."

"Ndikagwa ndigwa nayo ndine."

Amake Chisomo anali kutsogolo, dengu pamutu, chitenje atachimanga m'chiuno, akukalipira aliyense. "Iwe wa malaya ofiira, ukuyenda ngati ukupita kukafunsira mbeta! Gwira katoni ndi manja awiri!"

Madzi anali ozizira, ndipo pansi panali miyala yoterera imene anathira okonza msewu. Ndinkaponda pamene waponda wa patsogolo panga. Pakatikati mtsinje unandikankha m'mawondo ngati ng'ombe, phazi lamanzere linaterereka, ndinamira mpaka m'khosi. Manja okha ndi amene anatsala m'mwamba. Sindikudziwa kuti ndinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva munthu akundigwira lamba kumbuyo n'kundiimiritsa, akunena kuti, "Pondani apa, pondani apa." Kofia yanga inapita. Katoni sinanyowe.

Kalata ya mayi Kachingwe ndinaikumbukira ndili kale tsidya. Ndinaitulutsa m'thumba ili phala, inki itayenderera. Ndinaiyanika pa mwala, koma mawu owerengeka anatsala atatu kapena anayi.

Ndinapemphanso foni.

"Abwera kale, ababa," anatero Zainabu. "Anali anthu asanu. Atenga mawaya. Ndinawauza za pabalaza, koma wina anati nanga chitseko chokhomachi mwabisamo chiyani." Kenako anati, "Amalume ndi amene anathyola."

Ndinabweza foni kwa mwini wake. Amake Chisomo anandiyang'ana, n'kusenza dengu lawo. Tinakwera matola, galimoto yonyamula matumba a makala. Pa Benga anatsika, anandisiyira pepala la pulasitiki lija, n'kunena kuti, "Mukafike bwino, bambo. Musakakambe muli ndi njala."

Kuchoka pa Benga ndinakhala pamwamba pa makala, zovala zikuumira m'thupi. Pa Chia galimoto inaima nthawi yaitali, dalaivala akutsatsa nsomba. Nthawi ya swala ya Ijumaa, pemphero lalikulu la Lachisanu, inandipeza pamenepo, pamsewu, wakuda ndi makala, wopanda kofia. Ndinali ndisanaiphonyepo chimwalirireni mkazi wanga. Ndinayesa kukonza mawu okanena kwa a Mbwana, ndipo onse amene ankabwera anali oti munthu sangawabweze akawanena. Ndinaganiza zongotula makatoni pakhomo pawo, osadzapondanso.

Ndinafika kunyumba cha m'ma thili koloko, makatoni ali pa njinga ziwiri za kabaza. Mbiri inali itanditsogolera. Pakhonde panali a Mbwana, a Kasimu, akuluakulu ena atatu a komiti ndi Zainabu atakhala payekha pansi. Loko wa chitseko chakumaso ankalendewera.

Sindinalowe. Ndinatsegula makatoni onse anayi pamaso pawo n'kundandalika nyale pa mkeka. Ndinalumikiza imodzi pa soketi ya pakhonde. Inayaka yachikasu, ngati kuwala kwa nyale ya galasi.

"Mwaona?" anatero a Kasimu. "Zathu zinali zoyera. Mwana uja anatumiza zithunzi."

Ndinatembenukira kwa mlamu wanga. "A Mbwana, anyamata anu akamapita kokoka usipa, amanyamula nyale yotani?"

"Yoyera. Zikugwirizana bwanji?"

"Akaiyatsa mwezi uno, chimayamba kufika n'chiyani, usipa usanabwere?"

Munthu amene wakhala pa nyanja moyo wake wonse sankafunika kumuuza zambiri. Mmodzi wa akuluakulu aja, mkulu wa ku tchalitchi, ananena motsitsa mawu kuti, "Nkhungu." Ndinawauza za injiniya, za sitolo, za kalata imene inafera mumtsinje, ndipo ndinati aliyense wofuna aimbe ku Lilongwe afunse. Palibe anatulutsa foni.

"Nanga bwanji osanena Lachitatu lomwe lija?" anafunsa a Mbwana.

"Pamenepo ndinalakwa. Ndinayenera kunena."

Kenako ndinalowa m'nyumba. Chitseko cha chipinda chija chinali chong'aluka pa loko. Pansi panali mapazi a matope. Bokosi linali lotsegula, zovala atazivundula n'kuzibwezeramo mothinikiza, mpango wina ukulendewera kunja. Mkeka woswalira anali ataukankhira pansi pa bedi. Ndinagwada n'kuyamba kupinda zovalazo, koma sindinkadziwa mmene mwini wake ankapindira. Ndinayesa kangapo, sizinafanane.

Nditatukula mutu, a Mbwana anali ataima pakhomo, nsapato atavula.

"Nditatsegula bokosi ndinaona nsalu imene ndinamugulira ine pa ukwati wa Zainabu," anatero. "Ndinadziwa pomwepo chimene ndachita. Koma anthu anali kumbuyo kwanga."

Ndinabwerera ku zovala zija. Kuwakhululukira tsiku limenelo sindikanatha.

Loweruka ndinadzuka m'mawa n'kukagwira ntchito, chifukwa nyale sizinalakwe kanthu. A Kasimu ndi amene ankandigwirira makwerero tsiku lonse, osayang'ana kumaso kwanga. Itatha swala ya magharibi, dzuwa litalowa, tinayatsa. Khoma la mzikiti linaoneka ngati lotentha, mng'alu uliwonse ndi dzanja la amene anamanga zikuoneka, mikuyu inaima ngati yatalika, ndipo tchalitchi chinayaka mtundu womwewo, moti kuchokera pa msewu waukulu zonse zinkaoneka kuti ndi za mudzi umodzi. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinabwerera kunyumba zolankhula zisanathe.

Ndinakhala masiku asanu ndi limodzi osapita kumene ndingakumane ndi a Mbwana. Ndinkaswali kunyumba. Ndinkadzifunsa kuti chikundiwawa kwenikweni n'chiyani, dzina la wakuba kapena chitseko, ndipo ndinapeza kuti dzina linabwerera lokha Lachisanu lomwe lija, koma zovala zija sizidzapindidwanso ndi manja amene anazipinda. Zimenezo palibe akanandibwezera, ngakhale nditakwiya zaka khumi. Ndinakumbukiranso kuti amene anathyola chitsekocho anataya mlongo wake tsiku lomwe ine ndinataya mkazi.

Lachisanu lotsatira ndinawapeza onse asanu pakhonde panga m'mawa, atabwera ndi kalipentala ndi chitseko chatsopano. A Mbwana anayamba kulankhula mawu ataliatali amene anachita kukonzekera, koma anathera panjira. Ndinauza Zainabu, amene anali atabwera kudzandiona, kuti atereke madzi a tiyi. Kalipentala ndinamuonetsa ndekha poyambira, ndipo iwo anakhala panja mpaka nditawaitana.

Ndinawakhululukira.